MUNDA WOYESERA WA MOYO WA MUNTHU

Alimi anzanga, abambo ndi amayi, sabata ino tiyambe taika pambali nkhani za mizere ndi za feteleza kuti tikambeko za mwini khasu. Ng'ombe ya pangolo timaisamala kuti isafooke msanga. Khasu timalinola, ndipo mpini ukathyoka timasema wina. Koma za thupi limene ligwira mpiniwo, m'mene lidzakhalira likafika zaka 60 kapena 70, sitikamba kawirikawiri, tingoti ukalamba ulibe mankhwala. Nzoona kuti palibe munthu angaletse imvi. Koma alipo anthu ophunzira, kunja ndi kuno komwe, amene atha zaka zambiri ali kutsata anthu omwewo kuyambira pa unyamata kufikira pa ukalamba, kuti aone chimene chichititsa kuti wina akalambe ali ndi mphamvu pamene mnzake wa msinkhu womwewo wagona pamphasa. Zimene anapeza zikhudza nyumba iri yonse ya m'mudzi.

Nonse mudziwa munda woyesera. Mlangizi adula munda pawiri, uku athira manyowa, uku osathira, ndipo pokolola muwerenga madengu. Mudziwanso kuti chaka chimodzi chinganame, pakuti mvula ikagwa bwino ngakhale munda wa waulesi ubala. Ku Mangalande, pa malo otchedwa Rothamsted, kuli munda umene anayamba kubzalamo tirigu m'chaka cha 1843, ndipo kufikira lero ali kubzalabe tirigu m'munda womwewo. Anauyamba ndi anthu awiri, John Lawes ndi Henry Gilbert. Iwo anaudula m'ndime zazitali, ndime ina nathira manyowa a m'khola chaka ndi chaka, ina feteleza, ina osathira kanthu konse. Eni akewo anamwalira kalekale, koma ena analowa m'malo mwao nalembabe zokolola za chaka chiri chonse m'mabuku. Ndime yosathira kanthu ipatsa tirigu ngati matumba 20 okha pa hekitala, pamene ndime zodyetsedwa bwino zipatsa zochuluka kangapo. Palibe munthu angatsutse buku lotere, chifukwa muli zaka za chilala ndi zaka za mvula zomwe.

Tsono madotolo anaganiza zochita chimodzimodzi ndi anthu. Asankha anthu zikwi zingapo akali bwino, alemba maina ao, chimene adya, chimene amwa, ntchito imene agwira, ndi m'mene akhalira ndi a pabanja pao. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu abweranso kwa anthu omwewo nafunsanso, nayesanso thupi. Achita chotero zaka 20, 40, kwina kupitirira 80. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Wina adzati, bwanji kuvutika chotere, osangopita kwa nkhalamba ya zaka 90 ndi kuifunsa chinsinsi chake? Ichi ndicho chimene chitisokeretsa ambiri. Mwamvapo munthu ali kunena kuti, agogo anga anasuta fodya moyo wao wonse, namwa kachasu, koma anafika zaka 90. Mwina nzoona. Koma anzao a agogowo amene anayamba nao kusuta ali kuti? Sangathe kudzachitira umboni pabwalo, pakuti anaikidwa kale. Ziri ngati mlimi amene alowa m'munda mwezi wa Meyi, naona mapesi khumi ali chiriri, nanena kuti chiswe sichiononga chimanga. Iye sanawerenge mapando amene anabzala mu Disembala. Wofuna kudziwa zoona awerenge pobzala, awerengenso pokolola. Ndiponso nkhalamba iiwala, ndipo ngakhale ife achinyamata sitingakumbuke bwino chimene tinali kudya zaka khumi zapitazo.

Chitsanzo choyamba ndi cha fodya yemweyo. M'chaka cha 1951 anthu awiri a ku Mangalande, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, analembera makalata madotolo a m'dziko lao kuwafunsa ngati asuta, ndi kuti asuta ndudu zingati pa tsiku. Madotolo aamuna oposa 34,000 anayankha, ndipo anawatsata zaka 50, kulemba yense womwalira ndi nthenda imene inamupha. Polengeza zotsatira m'chaka cha 2004 anati munthu wosuta moyo wake wonse amwalira msanga ndi zaka ngati 10 poyerekeza ndi wosasuta, ndipo mwa osuta osaleka, ngati theka aphedwa ndi nthenda zochokera ku fodyayo, monga khansa ya m'mapapo, nthenda ya mtima ndi chifuwa chobanika. Koma tamverani mbali inayi, imene ine ndiyesa yofunika koposa. Amene analeka ali ndi zaka 30 anapulumutsa pafupifupi zaka 10 zonsezo. Oleka pa zaka 40 anapulumutsa zaka 9, pa zaka 50 zaka 6, ndipo ngakhale oleka pa zaka 60 anapindula zaka 3. Doll mwini wake anali wosuta, ndipo analeka ataona chiwerengero chake chomwe. Chotero abambo amene mukuti ndakalamba kale, kuleka kulibe phindu, buku la madotolowo likutsutsani.

Ndidziwa kuti ambiri a ife tilima fodya, ndipo ndiye amene alipira sukulu ya ana ndi kugula malata. Sindikuuzani kuti muzule nazale. Koma kulima kwina, kusuta kwina, ndipo chingambwe chokulunga m'pepala la nyuzi sichiposa ndudu ya m'sitolo ubwino, utsi wake ulowa m'mapapo omwewo.

Chitsanzo chachiwiri chichokera ku Amereka. M'chaka cha 1945 mtsogoleri wa dzikolo, Franklin Roosevelt, anamwalira ali ndi zaka 63 mtsempha wa magazi utaphulika m'mutu mwake. Magazi ake anali atathamanga kwambiri kwa zaka zingapo, koma masiku amenewo madotolo ambiri anali kuyesa kuti kuthamanga kwa magazi ndi chinthu chobwera ndi ukalamba monga imvi, chosafunika kuchiletsa. Patapita zaka zitatu, mu 1948, Boma lao linasankha tauni yaing'ono yotchedwa Framingham, pafupi ndi Boston, nililemba anthu 5,209, amuna ndi akazi a zaka 30 kufikira 62. Zaka ziwiri ziri zonse anthuwo anabwera kudzayesedwa. Mu 1971 analembanso ana ao pamodzi ndi akazi kapena amuna a anawo, onse oposa 5,000, ndipo mu 2002 zidzukulu. Buku la ku Framingham linaonetsa poyera kuti anthu othamanga magazi ndiwo amene agwidwa kawirikawiri ndi nthenda ya mtima ndiponso kufa ziwalo, nthenda ija ena aitcha sitiroko, ndi kuti fodya, kunenepa kopitirira, nthenda ya shuga ndi kusagwiritsa thupi ntchito ziwonjezera ngozi yomweyo.

Kuti mumvetse, ganizirani pampu yopalasa ija ya ku dimba. Mtima ndiwo pampu, mitsempha ndiyo mapaipi. Paipi ikauma ndi kuchepa mkati, wopalasa ayenera kulimbika kuti madzi afike, ndipo madziwo akankha paipi ndi mphamvu usana ndi usiku. Tsiku lina paipi ing'ambika pa malo ofooka, kapena itsekeka. Zikachitika m'mutu, munthu amene dzulo anali kulima agwa, mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zileka kugwira ntchito, pakamwa papotoka, mau osamveka. Choopsa chake nchakuti zaka zonse zija paipi iri kukankhidwa, munthu samva kuwawa kuli konse. Angathe kudya bwino, kuseka, kunyamula thumba la chimanga. Njira yodziwira ndi imodzi yokha, kumanga kachikwama kaja pamkono ndi kuwerenga. Manambala akafika 140 pamwamba kapena 90 pansi, ndipo akatero masiku osiyanasiyana, ndiye kuti magazi ali kuthamanga.

Mwina muti, izi nza Azungu odya mafuta ndi kuyenda pa galimoto, ife a khasu sizitikhudza. Ambiri anali kuganiza chotero, kufikira pamene tinakhala ndi mabuku athuathu. Ku Chilumba, m'boma la Karonga, kuli ntchito yotsata umoyo wa anthu imene inayamba mu 1979. Poyamba anali kutsata khate, pambuyo pake chifuwa chachikulu ndi Edzi. Pakati pa 2013 ndi 2016 anayenda khomo ndi khomo m'midzi ya ku Karonga ndi ku Area 25 ku Lilongwe, nayesa anthu akuluakulu oposa 28,000. Anapeza anthu oposa 4,000 othamanga magazi, ndipo oposa theka la iwo sanali kudziwa konse. Anapezanso anthu oposa 500 a nthenda ya shuga, ndipo mwa khumi ali onse anayi sanali kudziwa. Anthu a kumudzi sanapulumuke m'chiwerengerocho.

Ntchito ina, imene ikhudza okalamba makamaka, inayamba mu 1998 m'midzi ya ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka, boma limodzi m'chigawo chiri chonse. Dzina lake ndi Malawi Longitudinal Study of Families and Health, ndipo aiyendetsa ndi anthu a pa yunivesite ya Pennsylvania ku Amereka pamodzi ndi ophunzira a kuno kwathu. Ena a inu amene muli kuwerenga kapena kumvetsera nkhani ino munalembedwamo. Poyamba mafunso anali a kulera ndi a Edzi, pakuti zaka zimenezo maliro anali osaleka, ndipo mwana wobadwa cha m'ma 2000 anali kuyembekezeka kukhala zaka zosafika 50. Koma mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa ulele mu 2004, ndipo imfa za ana zitachepa, chiwerengerocho chinakwera kupitirira zaka 60. Anthu amene analembedwa ali amayi oyamwitsa anasanduka agogo. Chotero mu 2012 ofufuzawo anapatula anthu 1,266 a zaka 45 ndi kupitirira apo, kuti aziwatsata paokha ndi kuona m'mene ukalamba uyendera pa munthu wa kumudzi.

Chimodzi cha zimene anachita ndi ichi. Mu 2013 anayesa magazi a anthuwo pakhomo pao, ndipo amene anapezeka kuti magazi ao ali kuthamanga kwambiri anawapatsa kalata yopita nayo ku chipatala. Sanawapatse mankhwala kapena ndalama za mankhwala, koma kalata yokha. Atabweranso mu 2017 anapeza kuti olandira kalata aja magazi ao anali otsikirapo poyerekeza ndi anzao amene manambala ao anali pafupi ndi ao koma sanalandire kalata, ndipo ena mwa iwo anali atayamba mankhwala. Ine ndiona kuti apa pali chinthu chotsika mtengo koposa chimene banja lingachitire munthu wamkulu: kumuperekeza kukayesedwa. Yense wopitirira zaka 40 ayenera kuyesedwa kamodzi pa chaka ngakhale sali kumva kanthu. Inu amayi, pamene mupita ndi mwana ku sikelo, tengani apongozi anu pamodzi. Ndipo amene mwapatsidwa mankhwala dziwani kuti si ngati a malungo akumwa masiku atatu nkuleka. Awa ndi akumwa tsiku ndi tsiku. Ambiri aleka atangomva bwino, ena aleka chifukwa chipatala chiri kutali kapena anakapeza mankhwala atatha. Zimenezi zichitikadi, koma mukaleka magazi akweranso osakuuzani.

Za mchere ndinene mwachidule. Bungwe la umoyo la dziko lonse linena kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kakang'ono ka tiyi kosadzaza, kuwerenga mchere wonse wa m'ndiwo zam'mawa ndi zamadzulo. Soda wothira m'therere ndi tizidutswa tokometsera ndiwo ta m'sitolo tiwerengedwa pomwepo. Kachasu nayenso akweza magazi. Chepetsani pang'onopang'ono, lilime lizolowera pakapita masabata ochepa.

Tsopano ndifike pa chimene chinandikhudza ine monga mlangizi. Mu 2013 ofufuza a ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka aja analengeza chiwerengero chochokera m'mabuku ao a 2006 kufikira 2010. Anati mayi wa kumudzi wa zaka 45 angayembekeze kukhala zaka zina 28, koma mwa zimenezi ngati zaka 16 adzazikhala ali ndi chomulepheretsa kugwira bwino ntchito zake, monga kuwawa kwa msana, maondo ndi kufooka. Bambo wa zaka 45 angayembekeze zaka zina 25, ndipo mwa zimenezi zaka za kuvutika ndi ngati 10. Taganizirani bwino. Amayi akhalitsa kuposa abambo, koma zaka zimene aonjezerazo ndi zaka za ululu. Ndipo kufooka kumeneku kuyamba pa msinkhu umene tonse tiyesa kuti munthu akali ndi mphamvu, pamene akali ndi ana a sukulu ndi zidzukulu zoti adyetse.

Ine sindidabwa, ndipo inunso mukaganiza simudabwa. Werengani ntchito ya mayi kuyambira ali mtsikana. Chidebe cha malita 20 chilemera makilogalamu 20, ndipo achisenza pamutu kangapo pa tsiku. Mtolo wa nkhuni uchokera kutali chaka ndi chaka pamene nkhalango iri kutha. Alima mizere yomweyo imene bambo alima, mwana ali kumbuyo, ndipo pobwera kumunda bambo akhala pansi pa mtengo pamene mayi ayamba kusonkha moto ndi kupuma utsi wa m'khitchini. Onjezerani mimba zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu. Ng'ombe tikaigwiritsa ntchito chotere anansi atiseka kuti tiribe nzeru.

Munthu wa pa ntchito ya Boma akafika msinkhu wopuma alandira penshoni. Mlimi alibe tsiku lopuma, ndipo penshoni yake ndi zimene anakonza akali ndi mphamvu. Nchifukwa chake ndikuti, inu a zaka 40 ndi 45, yambani lero kukonza munda wa ukalamba wanu. Mtengo wa mango womezanitsa ubala pakapita zaka zitatu kapena zinayi, ndipo udzakudyetsani ndi kukupatsani ndalama ya sopo pa nthawi imene simungathenso kukwezera chimanga. Mapapaya ndi nthochi kuseri kwa nyumba sizifuna khasu lalikulu. Bzalani mitengo ya nkhuni m'malire a munda wa pafupi ndi pakhomo, ndi nandolo pakati pa chimanga, pakuti nandolo apatsa ndiwo, akonza nthaka, ndipo mitengo yake ndi nkhuni. Mbaula ya dothi yosatha nkhuni ichepetsa maulendo a ku phiri. Mbuzi ndi nkhuku ndi chuma chimene ngakhale gogo wa ndodo angathe kusamala. Ulimi wa mtayakhasu uchotsa ntchito yowawitsa msana koposa, ya kugalauza mizere chaka ndi chaka, ngakhale sindikubisirani kuti zaka zoyamba udzu uvuta ndipo kututa mapesi ophimbira ndi ntchitonso. Ndiye chifukwa chake muyenera kuuyamba mukali ndi mphamvu, kuti pofika ukalamba munda ukhale utazolowera.

Ndipo inu ana ndi eni mbumba, pogawa minda musapatse agogo ndime ya kuseri kwa phiri chifukwa chakuti sadandaula. Munda wa pafupi ndi dimba la pafupi zikhale zao. Komanso musawalande ntchito zonse ndi kuwakhazika pakhonde. Thupi losagwira ntchito lifooka msanga. Kutong'ola chimanga, kusenda mtedza, kusankha mbeu, kuluka mphasa, kuyenda kukaona mbuzi, izi ziwasunga. Chofunika kuwachotsera ndi katundu wolemera wa pamutu ndi khasu la padzuwa la masana.

Ofufuza aja akafika pakhomo amapatsa munthu kachitsulo kuti afinye ndi dzanja, ndipo kamaonetsa mphamvu ya dzanjalo. Ambiri aseka poona zimenezi. Koma mu 2015 kunalengezedwa zotsatira za anthu ngati 140,000 a m'maiko 17, kuphatikizapo Zimbabwe ndi South Africa, ndipo zinaonetsa kuti anthu ofooka dzanja anali kumwalira msanga kuposa olimba dzanja. Sikuti dzanja ndilo lipha munthu. Liri ngati tsamba lachikasu pa chimanga, limene likuuzani kuti pansi pasowa chakudya. Minofu ya munthu wokalamba isungunuka ngati sadya zakudya zomanga thupi. Tsono taonani m'mene tigawira ndiwo. Nyama ikapezeka, bambo ayamba, ana atsata, ndipo gogo amene mano anatha apatsidwa msuzi. Nsima ndi msuzi sizimanga mnofu. Chipere cha nyemba, phala lothira nsinjiro kapena ufa wa soya, dzira lophika, usipa wosinja, mkaka wa mbuzi wowiritsa, futali wa mbatata, zonsezi wopanda mano angathe kudya, ndipo zambiri zichokera m'munda mwanu momwe.

Pali mbali ina imene siyesedwa ndi kachikwama kapena kachitsulo. Ofufuza a kuno anafunsanso anthu za mumtima mwao, ngati agona tulo, ngati ali ndi nkhawa, ngati aona kuti moyo ukomabe. Anapeza kuti m'midzi mwathu kukhumudwa ndi nkhawa zikula pamene munthu akalamba, makamaka pakati pa amayi, ndipo ziyenda pamodzi ndi kufooka kwa thupi. Ku maiko ena olemera okalamba ambiri anena kuti ali okondwa kuposa pamene anali ndi zaka 45, koma kuno sizitero. Chifukwa chake sichivuta kuchiona. Munthu amene chakudya chake chichokera m'manja mwake, akaona manjawo ali kufooka, aona njala iri kubwera.

Ntchito yotsata anthu yokhalitsa pa nkhani imeneyi ndi ya ku Harvard, ku Amereka, imene inayamba mu 1938. Analemba anyamata 268 a pa yunivesite imeneyo, ndipo mmodzi wa iwo anali John Kennedy amene pambuyo pake anakhala mtsogoleri wa dzikolo. Anaphatikizanso anyamata 456 a m'makomboni osauka a mu Boston, onse pamodzi 724, nawatsata kufikira imfa, ndipo tsopano ali kutsata ana ao. Ena analemera, ena anasauka, ena anamira m'mowa. Pa za mowa anapeza kuti kawirikawiri si mavuto amene anayamba ndipo munthu nathawira ku mowa, monga anenera a ku bawo, koma mowa ndiwo unayamba ndipo mavuto natsata, ndiponso ndiwo unapasula maukwati ambiri. Koma chachikulu chimene anapeza ndi ichi: amene pa zaka 50 anali kukhala bwino ndi akazi ao, abale ao ndi mabwenzi ao ndiwo anali ndi thupi labwino pa zaka 80, ndipo osungulumwa anafooka msanga.

Apa tichenjere pang'ono. Anthu amenewa poyamba anali amuna okhaokha a dziko lolemera, ndipo palibe mmodzi wa iwo anagonapo ndi njala chifukwa mvula inadula mu Febuluwale. Chibwenzi sichidzaza nkhokwe. Koma tisafulumirenso kunena kuti kusungulumwa ndi nthenda ya Azungu, ife kumudzi tiri pamodzi. Yendani m'mudzi mwanu muwerenge nyumba zimene mukhala gogo yekha, kapena gogo ndi tiana tating'ono, ana ake ena ali ku Joni, ena ku tauni, ena anapita ndi mliri uja. Ndalama yotumiza pa foni ithandiza, ndipo Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, afika m'nyumba zina zotere. Koma ndalama siifunsa kuti mwadzuka bwanji, ndipo siiona kuti gogo wayamba kukoka mwendo.

Choipa koposa ndi ichi, ndipo ndichinena mosabisa. Munthu akagwa mwadzidzidzi ndi kufa ziwalo, kapena mwana akamwalira, maso a mudzi atembenukira kwa nkhalamba imene ikhala yokha, imene iyankhula yokha, imene inapezeka usiku itasokera njira ya kwao. M'maboma angapo okalamba amenyedwa, atenthedwa nyumba, ena aphedwa ndi zidzukulu zao zomwe. Koma taona kale kuti kufa ziwalo kuchokera ku magazi amene anathamanga zaka zambiri osayesedwa. Ndipo kuiwala maina a ana, kusokera pa njira yodziwika ndi kuyankhula zosagwirizana ndi nthenda ya ubongo imene igwira okalamba ena m'maiko onse, ku Boston ndi ku Balaka komwe. Munthu wotere afunika womuyang'anira. Dziwaninso kuti lamulo la dziko lino la 1911 liletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo wonenayo ndiye amene angaimbidwe mlandu. Mafumu athu, nkhani iyi iri m'manja mwanu kuposa m'manja mwa apolisi, pakuti inu ndinu oyamba kumva manong'onong'o.

Tsiku lina anthu a mafunso adzafika pakhomo panu ndi zikwama zao. Muli nao ufulu wakufunsa kalata yao, kufunsa ngati amfumu adziwa, ndi kufunsa chimene adzachita ndi mayankho anu. Muli naonso ufulu wakukana, ndipo palibe angakulangeni. Musakhulupirire mphekesera za anamapopa, zimene mu 2017 zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi maboma oyandikana nako. Koma mukavomera, nenani zoona. Ena achepetsa zokolola zao kapena achulukitsa matenda poyesa kuti alembedwa pa chithandizo, ena abisa mowa ndi fodya chifukwa cha manyazi, ena angotchula zaka za kubadwa zongoganiza. Zimenezi ziri ngati munthu wothira manyowa usiku m'ndime ya munda woyesera imene anagwirizana kuti isathiridwe kanthu: chiwerengero chonse chionongeka, ndipo a Boma akafuna kudziwa mankhwala a magazi ofunika pa chipatala cha kwanu adzawerenga zabodza. Ngati simudziwa chaka chimene munabadwa, nenani chinthu chachikulu chimene makolo anakuuzani kuti chinachitika nthawi imeneyo, monga njala ya 1949 kapena ufulu wa 1964, ndipo iwo adzawerenga okha. Mukasamuka mudzi, siyani mau kwa amfumu za kumene mwapita, pakuti munthu mmodzi wosowa m'buku la zaka 25 ndi phando losadziwika ngati linamera.

Sabata ya mawa tidzabwerera ku nkhokwe, tidzakambe za anankafumbwe ndi za matumba osalowa mpweya.